Ulaliki wa Pakhonde la a Miti

A Philemon Miti anaphunzitsa Chingerezi m'masukulu a ku Chipata mpaka tsitsi linayera, ndipo atapuma ntchito boma linawalanda choko ndi bolodi koma linaiwala pakamwa. Anabwerera kwawo kufupi ndi mishoni ya Tamanda, namanga nyumba ya malata ya khonde lalitali, ndipo mpingo unawasankha kukhala mkulu. Tinene poyamba kuti anali munthu wabwino. Mowa sanaulawepo, dzanja sanakwezerepo akazi awo, ndipo pamaliro pa aliyense ankafika oyamba. Chilema chawo chinali chimodzi: ukawapatsa moni ankakubwezera phunziro. Wobwereka khasu ankachoka ndi khasulo pamodzi ndi malangizo a kuipa kodalira anzako. Anyamata a m'deralo anachita kutsegula kanjira kawokawo kodutsa kuseri kwa nyumbayo, m'munda wa chinangwa, ndipo kanjirako kanapondedwa mpaka kanalimba kuposa msewu weniweni.

Akazi awo, a Ketilina, nawonso anakulira pamishoni, mwana wa aphunzitsi. Iwo anapeza mankhwala kalekale. Ankati "ee" pamalo oyenera uku manja akusenda mtedza, ndipo mawuwo ankangowadutsa pamwamba ngati mvula padenga.

Ana anali awiri, Edmond ndi Tamiwe. Edmond ankagwira ukalaliki pasitolo ya mbewu ndi feteleza mu Chipata, ndipo kumeneko ndiko anakumana ndi Zelipa, Mkatolika, mwana wa alimi a thonje ndi mtedza a kuseri kwa Mtenguleni. A Miti analankhulapo zambiri za kuopsa kwa ukwati wa mipingo iwiri. Edmond anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anakwatira. Anabereka mwana wamkazi, dzina lake Mwiza. Mwanayo atangoyamba kulankhula zomveka, Edmond anadwala malungo aakulu, ndipo mlungu usanathe anali atagona kumanda a ku Tamanda.

Zelipa anatsala pakhomo pa apongozi ake, monga mwa mwambo, kudikira tsiku lomusudzula. Limeneli ndi tsiku limene abale a mbali zonse ziwiri amakumana ndi kumasula wamasiye, kuti ngati afuna kukhala akhale, ngati afuna kupita kwawo apite. Mwana wamng'ono chotero amapita kumene apita mayi ake. A Miti ankaliopa tsikulo kuposa imfa yawo yomwe. Mwiza ankayenda motaya phazi lamanzere ngati bambo ake, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzapisa dzanja m'thumba la jekete lawo kufuna kabisiketi. Akachoka ameneyu, Edmond adzakhala wafa kawiri. Izi sanauze munthu aliyense, ngakhale a Ketilina, amene chisoni chinawagoneka pamphasa m'chipinda kwa nthawi yaitali. Anangotsimikiza zomukonza Zelipa mtima ndi chida chokhacho chimene anali nacho.

"Amake Mwiza, tabwerani pano," anaitana m'mawa wina atakhala pampando wawo pakhonde.

Tsono kwawo kwa Zelipa mpongozi ndi munthu woopedwa. Simukhala naye mphasa imodzi, simumuyang'ana m'maso, mukakumana panjira mumapatukira kuudzu, ndipo mawu anu amadzera mwa munthu wina. A Miti ankazidziwa zimenezi kuyambira ubwana wawo, koma anaziika m'gulu la zinthu zimene sukulu inathetsa, pamodzi ndi zithumwa. Zelipa anatuluka m'khitchini akupukuta manja kuchitenje, nagwada padothi, kunja kwa khonde, atatembenukira kumbali, maso ali pansi.

"Mpando uwu, khalani."

Sanasunthe. A Miti anaona kudzichepetsa, ndipo kunawasangalatsa.

Anayamba ndi nkhani ya chisoni, kuti chili ndi malire ake, ndipo Mkhristu salira ngati wopanda chiyembekezo. Anadutsa pa ulesi. Anafika pa amuna a malilime okoma amene amazungulira nyumba za akazi amasiye ngati afisi pakhola, ndipo pamenepo anakhalitsapo chifukwa anali ndi zitsanzo zambiri. Anamaliza ndi moyo wa kumudzi, kumene atsikana amasiyitsidwa sukulu kuti akatole thonje ndi kukwatiwa asanakhwime. M'mutu mwawo mfundo inali yoonekeratu: wamasiye wanzeru amakhala pakhomo pamene pali chitetezo ndi sukulu pafupi. Koma mfundoyo sanaitchule. Mphunzitsi wabwino, ankatero iwo, sapatsa mwana yankho, amangomufikitsa pafupi nalo.

Zelipa sakanayankha, ndiponso sakanadzuka mpongozi asanamalize. Phala la Mwiza linapserera pamoto, fungo linafika mpaka pakhonde, koma iye anagwadabe. A Miti analowa m'nyumba tsikulo mtima uli m'malo. Moyo wawo wonse anaphunzitsa ana oyasamula, oyang'ana pazenera, opempha kupita kuchimbudzi phunziro lili pakati. Womvetsera ngati ameneyu anali asanamuonepo.

Zinakhala za m'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu, pamene Zelipa ankalawirira kupita ku Misa. Nkhani sizinkatha, chifukwa chilichonse chinkabala phunziro. Akavala chitenje chowala, mutu wa tsikulo unali wa zovala. Akachedwa kuchigayo, unali wa macheza a panjira.

"Mkazi wamasiye, amake Mwiza, ali ngati munda wopanda mpanda," ankatero, chala chili m'mwamba. "Sindikunena kuti mbuzi zalowa ayi. Ndikunena kuti mbuzi zilipo."

Mwiza ankakhala pamiyendo pawo akudya kabisiketi kake, ndipo nthawi zina ankagona tulo pomwepo. A Miti ankatsitsa mawu kuti asamudzutse, koma osaleka. Pofika nthawi imene chimanga chinauma m'minda, padothi pamene Zelipa ankagwada panali pataoneka timaenje tiwiri.

A Miti anaitananso anyamata kudzaumba njerwa kuseri kwa khitchini. Zinali za kanyumba ka Zelipa ndi mwana wake, ka zipinda ziwiri, koyang'ana kumsewu wa kusukulu. Sanauze munthu. Atafunsidwa ndi oumbawo kuti zinali za chiyani, anawafotokozera za ubwino wogwira ntchito osafunsa mafunso.

A Ketilina, atayamba kutuluka panja, ananenapo kamodzi.

"Bambo a Tamiwe, mwana wa eni uyu mudzamutopetsa."

"Mawu a akulu akoma akagonera," anayankha a Miti, nawamasulira tanthauzo la mwambiwo.

Tamiwe ankagwira ntchito ya mu ofesi mu Chipata. Anafika Loweruka lina panjinga yamoto, napeza mlamu wake ali chigwadire, bambo ake ali pakati pa nkhani ya kudziletsa. Anaima pafupi ndi mtengo wa mango chikwama chili m'manja mpaka nkhaniyo inatha. Masana anawabweretsera tiyi pakhonde, nakhala pansi pafupi nawo.

"Adadi, pali liwu lina la Chingerezi landisokoneza ku ofesi. Loti sermonise. Limatanthauza chiyani kwenikweni?"

Liwulo Tamiwe ankalidziwa bwino. Koma ankawadziwanso bambo ake: khomo lolowera mwa iwo linali limodzi lokha, la funso. A Miti anaika kapu pansi, maso akuwala.

"Limachokera ku liwu lotanthauza ulaliki, koma usapusitsike, si liwu loyamikira ayi. Abusa akaima pagome Lamulungu, anthu abwera okha kudzamva, amenewo akulalikira, ndi ntchito yawo. Liwu lakoli limanena za munthu amene alibe gome. Palibe wamutuma, palibe wamufunsa, koma wakupeza uli pantchito yako n'kuyamba kukuuza mmene uyenera kukhalira. Motalika. Ngati kuti iye yekha ndiye anaiona njira."

"Ndiye kuti zimene amanenazo zimakhala zabodza?"

"Ayi, zikhoza kukhala zoona zonse. Vuto ndi lakuti sakumuona amene akumuuzayo. Akumva kukoma mawu ake okha. Ndipo taona chinthu china chosangalatsa pa liwu limeneli: sudzamva munthu akulinena za iye mwini. Nthawi zonse wochita zimenezi amakhala wina."

Tamiwe anadikira pang'ono.

"Mungandipatse chitsanzo, Adadi? Cha pafupi pompano?"

A Miti anaganiza, akusisita chibwano.

"A Ben Sakala, a kwaya aja. Munthu ameneyo ukangomupatsa mpata, dzuwa limakulowera."

Anyani sasekana zikundu, amatero akulu, koma a Miti anaseka mpaka kupukuta misozi. Tamiwe anatola makapu. Akanatha kunena mosabisa, koma m'nyumba imeneyo palibe anaphunzira kutero, poti mpata wophunzirira sunapezekepo. Podutsa kukhitchini anangoti, "Musawatengere, mlamu, ndi mmene alili," ndipo Zelipa anati, "Ndamva." M'mawa mwake Tamiwe anabwerera ku Chipata.

Tsiku losudzula linafika anthu atakumba mtedza. Kuchokera kwawo kwa Zelipa kunabwera amalume ake, a Alfonsi Daka, munthu wamfupi wovala jekete lomukulira, pamodzi ndi amayi aang'ono a Zelipayo. Kumbali ya a Miti wolankhula anali mng'ono wawo, a Harrison, amene anali nkhoswe paukwatiwo. Anayala mphasa pansi pa mango, amuna kwawo, akazi kwawo. Anapemphera kawiri, pemphero la mpingo uno ndi la mpingo uwo, kuti pasakhale wodandaula. Kenako azakhali ake a Edmond anatapa ufa m'mbale, naupaka pamphumi pa Zelipa.

"Mwana wathu anapita ndi matenda. Inu mulibe mlandu ndi ife. Kuyambira lero ndinu mfulu."

A Miti anali ndi maganizo awo pa nkhani ya ufa, koma anawameza. Chotsatira chinali kufunsa Zelipa kumene akakhale, ndipo iwo ankakhulupirira kuti wophunzira wawo wafika pa yankho.

A Alfonsi anatsokomola. Polankhula sanayang'ane a Miti, anayang'ana a Harrison.

"Tamva kuti mwana wathu alibe mlandu. Zikomo. Koma ife tabwera ndi funso. Kwathu mpongozi saitana mkazi wa mwana wake n'kumukambira pamaso, pokhapokha pali mlandu waukulu, ndipo ngakhale pamenepo pamakhala ankhoswe. Lomba mwana uyu wagwada pakhonde apo kuyambira dzinja mpaka lero, kuuzidwa za amuna, za ulesi, za kuipa kwa kwathu. Watumiza mawu kunyumba kangapo kuti sadziwa chimene analakwa. Kodi munamugwira ndi mwamuna? Kapena muganiza kuti pa imfa ija ali ndi dzanja? Tiuzeni tidziwe."

A Miti anayang'ana Zelipa, amene anakhala atatembenukira kumbali monga mwa nthawi zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti khosi lake laonda.

"Palibe zotero," anatero a Harrison mofulumira. "Akuluwa ndi mphunzitsi. Amakamba choncho ndi aliyense."

"Ngati palibe, chabwino," anatero a Alfonsi. "Mwana uyu, pa maliro paja, anatiuza yekha kuti afuna kukhala kuno, alere mwana pamene pagona atate ake. Ife tinavomera. Lero mtima wake wagawanika, chifukwa sadziwa ngati ali pakhomo kapena pabwalo la milandu. Ndiye funso lathu ndi limodzi chabe. Eni khomo akumufuna, kapena sakumufuna?"

Onse anatembenukira kwa a Miti. Ntchito yawo inali yochepa: kuweramira kwa a Harrison, kunong'ona liwu limodzi, a Harrison n'kulinena mokweza. Liwulo linali pakhosi pawo. Akanatha ngakhale kungoloza njerwa zija, zimene zinali zitaunjikidwa kuseri kwa khitchini pamaso pa aliyense. Koma pafupi ndi liwulo panali chinthu china chimene chinkawawa kwambiri. Iwo, Philemon Miti, amene sanafunire mwana ameneyu choipa ngakhale tsiku limodzi, anenedwe pagulu kuti ankamuzenga mlandu? Izi zinayenera kuwongoledwa kaye. Anaimirira. A Ketilina anatambasula dzanja kuchokera kumphasa ya akazi, nakoka m'mphepete mwa jekete lawo, koma iwo anali atayamba kale.

"Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiliyankha. Koma tisanafike pamenepo tiyenera kumvetsetsana kusiyana kwa kudzudzula ndi kulangiza."

Anafotokoza kusiyanako. Anapitirira kunena kuti miyambo yoletsa anthu kulankhulana ndi imene imabala kusamvana kotere, ndipo kuti makolo athu anali ndi zabwino zawo koma si zonse zoyenera kusungidwa. Ananena kuti mwana woleredwa mozolowera kufunsa mafunso akanafunsa tsiku loyamba lomwe, zinthu n'kutha. A Alfonsi anayang'ana zala za kumapazi kwawo. A Harrison anatseka maso.

Ali pakati pa nkhani ya kaleredwe, a Miti anadzimva. Anamva mawu awo ngati akuchokera kwa munthu wina amene waima kumbuyo kwawo, ndipo anadziwa bwinobwino dzina la chimene ankachita, poti anali atalimasulira okha pakhonde lomwelo. Anachita mantha. Anafunafuna pokhotera kuti afike pa yankho, koma chiganizo chilichonse chinkabala chinzake, ndipo iwo anali ngati munthu wotsetsereka panjinga yopanda mabuleki, amene akuona dzenje koma miyendo ikupalasabe.

Zelipa anadzuka. Ufa unali ukadali pamphumi pake. Anasasa chitenje m'maondo, nanyamula Mwiza kuchokera pamiyendo ya azakhali, nalowa m'nyumba. Palibe anamuletsa, chifukwa anali atamasulidwa kale pamaso pa onse, ndipo mfulu sadikira kuti munthu amalize. Posachedwa kunamveka phokoso la mapoto akuikidwa m'thumba.

A Alfonsi anali munthu waulemu. Anadikira mpaka a Miti anamaliza ndi kukhala pansi, ndipo anauza a Harrison kuti, "Tamva. Mwana wathu tipita naye."

Katundu sanali wambiri: matiresi, mapoto, chikwama cha zovala. Anapita naye kumsewu kukadikira kanta, lole yaing'ono yonyamula anthu ndi matumba kupita ku Chipata. A Ketilina anatsanzikana ndi Zelipa pakhomo, akulira, ndipo kumsewu sanathe kufikako. A Miti anapempha ndi maso kuti anyamule Mwiza, ndipo anawapatsa. Njira yonse sanalankhule. Mwanayo ankasewera ndi khutu lawo.

Kanta inafika itadzaza kale ndi matumba a mtedza. Wothandiza dalaivala anakwezetsa matiresi, a Alfonsi anakwera, amayi aang'ono aja anakwera. Zelipa anatambasula manja kuti alandire mwana, nkhope ili kumbali.

"Amake Mwiza," anatero a Miti. Mawu anatuluka aang'ono, osasa. "Ine ndimafuna mukhale."

Zelipa anatembenuka, nawayang'ana m'maso. Anali asanachitepo zimenezi chikwatiwire. M'maso mwake munalibe ukali, munali kutopa kokha.

"Ndinamvetsera zonse, atate. M'mawa uliwonse ndinkati kapena lero anena mawu amenewo."

A Miti anadikira. Anaganiza kuti mwina atsitsa katundu.

"Lomba amalume akamba kale pamaso pa anthu," anatero Zelipa. "Ndipo maondo anga alema. Mwiza mudzamuona, kwathu si kutali."

Analandira mwanayo, namukweza kwa amalume ake, nakwera nayenso. Mwiza anasuzumira pamwamba pa matumba.

"Agogo, inu simukwera?"

A Miti anapukusa mutu. Kanta inanyamuka, ndipo iwo anaima pomwepo mpaka fumbi lake linatera.

Pobwerera anapeza a Ketilina atakhala pakhonde, maso ofiira.

"Apita?"

"Apita."

A Ketilina anadikira kuti apitirize, koma iwo analowa m'nyumba.